Arthur Eddington, mnyamata wa ku Kendal amene anazindikira chimene chimawalitsa dzuwa

Ana inu, sabata ino tiwerenga mbiri ya munthu amene anabadwira kuno kumpoto kwa England ndipo anaphunzira ku Manchester. Munthuyu anayankha funso limene linazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zambiri. Funso lake ndi ili: moto uliwonse umafuna mpweya kuti uyake, koma kumlengalenga kulibe mpweya, nanga dzuwa limayaka bwanji? Werengani mosathamanga. Mawu ena ovuta ndawamasulira kumapeto, ndipo mukakakamira penapake funsani amayi kapena abambo kunyumba.

Moto ndi mpweya

Amene munapitako kumudzi munaona mmene agogo amasonkhera moto pa mafuwa. Moto ukafuna kuzima, amawerama n'kuuzira, kapena amatenga mbale n'kumakupiza. Mbaula nayo amaiboola timabowo kunsi kuti mphepo izilowa. Chimene moto umafuna mu mphepoyo ndi mpweya wotchedwa okosijeni. Mu mpweya umene timapuma, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni. Mmodzi mwa anthu oyamba kuupatula ndi a Joseph Priestley, obadwira ku Birstall pafupi ndi Leeds. Mu 1774 iwo anaona kuti kandulo ikaikidwa mu mpweya umenewu imayaka mwamphamvu zedi. N'chifukwa chake ife anamwino sitilola machesi kapena fodya pafupi ndi wodwala amene ali pa okosijeni.

Mpweya wakuta dziko lathu ngati bulangete, koma bulangetelo ndi lopyapyala. Mukakwera makilomita 100 okha, mpweya umakhala utatsala wochepa kwambiri moti kandulo singayake. Pamene dzuwa lili kutali makilomita 150 miliyoni, ndipo pakati ponsepo palibe mpweya woti n'kuyatsira moto.

Vuto lina linali la nkhuni zake. Nthawi imeneyo mafakitale a ku Lancashire ndi ku Yorkshire ankayendera malasha, choncho anthu anadzifunsa ngati dzuwa lili chimulu cha malasha oyaka. Atawerengetsa anapeza kuti chimulu chachikulu ngati dzuwa, ngakhale chitapatsidwa okosijeni yense amene chikufuna, chingapse n'kutha pa zaka masauzande ochepa okha. Katswiri wina wa ku Glasgow, Lord Kelvin, ankaphunzitsa kuti dzuwa limatentha chifukwa likufinyika pang'onopang'ono, ndipo anati zimenezi zingalisunge zaka mamiliyoni makumi angapo. Koma akatswiri a miyala ankaona kuti dziko lathu ndi lakale kuposa pamenepo. Masamu sankagwirizana. Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene mwana wa m'nkhani yathuyi ankabadwa.

Ubwana wake

Arthur Stanley Eddington anabadwa pa 28 Disembala 1882 ku Kendal, tauni ya m'mphepete mwa Lake District. Kunyumba ankamuitana kuti Stanley. Bambo ake anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Stramongate, ya mpingo wa Quaker. Pa sukulu yomweyo, zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo, pankaphunzitsa a John Dalton, aja anadzatchuka ku Manchester pophunzitsa kuti zinthu zonse zinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka totchedwa maatomu. Mukamayenda mu John Dalton Street ku Manchester muzidziwa kuti ndi omwewo.

Mu 1884 bambo a Stanley anamwalira ndi matenda a taifodi, mwanayo asanakwanitse zaka ziwiri. Taifodi imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chosasamalika, ndipo masiku amenewo kunalibe mankhwala amene tili nawo lero. Mayi ake, a Sarah Ann, anatsala ndi ana awiri, Winifred ndi Stanley, ndalama zili zochepa. Anasamukira kumwera, ku Weston-super-Mare kufupi ndi Bristol. Poyamba Stanley ankaphunzira panyumba pomwepo asanayambe kupita kusukulu. Inenso maphunziro anga anali a panyumba, ndiye mbali imeneyi imandisangalatsa.

Mwanayu ankakonda manambala modabwitsa. Akuti analoweza matebulo a kuchulukitsa mpaka 24 kuchulukitsa ndi 24 asanadziwe kuwerenga bwinobwino, komanso ankayesa kuwerenga nyenyezi usiku kuti adziwe kuti zilipo zingati. Mu 1893 analowa sukulu ya Brynmelyn, ndipo kumeneko ankapambana pa masamu ndi Chingerezi. Mu 1898 anapata thandizo la mapaundi 60 pachaka loti akapitirize maphunziro. Pakanapanda ndalama imeneyo, mayi ake sakanakwanitsa kumulipirira.

Ku Manchester ndi ku Cambridge

Stanley anafika ku Owens College ku Manchester asanakwanitse n'komwe zaka 16. Koleji imeneyo ndi imene lero ili University of Manchester, pa Oxford Road paja. Ankagona ku Dalton Hall, nyumba imene a mpingo wa Quaker ankasungirako ophunzira. Aphunzitsi ake otchuka anali a Arthur Schuster pa sayansi ndi a Horace Lamb pa masamu. Anakhala ku Manchester zaka zinayi, ndipo mu 1902 anatenga digiri yake atakhoza mwapamwamba.

Atachoka apo anapita ku Trinity College ku Cambridge. Mu 1904 anakhala nambala wani pa mayeso ovuta kwambiri a masamu a kumeneko, ali m'chaka chachiwiri chokha. Palibe wa chaka chachiwiri amene anali atachitapo zimenezo. Mu 1906 anayamba ntchito ku Greenwich ku London, kumalo oonera nyenyezi. Mu 1913 anabwerera ku Cambridge ngati pulofesa, ndipo chaka chotsatira anamuika kukhala mkulu wa malo oonera nyenyezi a kumeneko. Kuyambira pano tiziwatchula kuti a Eddington, poti tsopano ndi munthu wamkulu. Sanakwatire. Anatenga mayi awo ndi mlongo wawo Winifred n'kumakhala nawo pa nyumba ya pantchitopo. Anali munthu wamanyazi, wosayankhulayankhula, ndipo akafuna kupuma ankakwera njinga mtunda wautali.

Nthawi ya nkhondo

Mu 1914 nkhondo yoyamba ya padziko lonse inayamba. Britain ndi Germany anakhala adani, ndipo nkhondoyo inafika ngakhale kwathu, ku Karonga. Anthu a mpingo wa Quaker amakhulupirira kuti kupha munthu n'kulakwa, ngakhale pa nkhondo. Mu 1916 boma linalamula kuti amuna azilowa usilikali mokakamizidwa, ndipo ambiri amene anakana anatsekeredwa m'ndende kapena kutumizidwa kokagwira ntchito yakalavulagaga. Anthu ankawanyoza kuti ndi amantha.

Akuluakulu a yunivesite anayesa kuwateteza a Eddington ponena kuti ntchito yawo ndi yofunika ku dziko. Mu 1918 nkhaniyo inafika pa bwalo. A Eddington akanatha kungobisala kumbuyo kwa ntchito yawo n'kukhala chete, koma ananena poyera kuti akukana nkhondo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Apa zinthu zikanawaipira ndithu. Amene anawapulumutsa ndi a Frank Dyson, mkulu wa akatswiri a nyenyezi m'dziko muno, amene analembera bwalolo kuti a Eddington akufunika pa ulendo wokaona kadamsana chaka chotsatira. Bwalo linavomera kuwapatsa miyezi 12, ndipo nthawiyo isanathe nkhondo inatha.

M'zaka zomwezo akatswiri ambiri a ku Britain sankafuna kumva chilichonse chochokera ku Germany. A Eddington sanagwirizane nazo. Mnzawo wina wa ku Netherlands, a Willem de Sitter, anawatumizira zimene a Albert Einstein ankalemba ku Berlin, ndipo iwo anaziwerenga, kuzimvetsa, n'kuyamba kuzifotokozera anzawo m'Chingerezi. Mfundo imodzi ya a Einstein inali yakuti kuwala kwa nyenyezi kukamadutsa pafupi ndi dzuwa kumapindika pang'ono. Koma mungazione bwanji nyenyezi zimene zili pafupi ndi dzuwa, masana kukuwala? Mpata wake ndi umodzi basi, nthawi ya kadamsana, pamene mwezi watchinga dzuwa lonse ndipo kwada ngati usiku.

Ulendo wa ku Africa

Mu Malichi 1919 a Eddington ananyamuka pa doko la Liverpool pa sitima ya pamadzi, pamodzi ndi a Edwin Cottingham, katswiri wokonza mawotchi. Gulu lina linapita ku Sobral m'dziko la Brazil. Iwo analowera ku chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, chimene nthawi imeneyo chinkalamulidwa ndi Apwitikizi ngati mmene zinalili ndi Mozambique. Anaimika makina awo pa munda wina waukulu wa koko n'kudikira tsiku la 29 Meyi.

Tsikulo litafika, m'mawa kunagwa chimvula cha mabingu. Tangoganizani, abale, ulendo wa milungu yambiri panyanja, ndiye pa tsiku lenilenilo kumwamba kuli mitambo yokhayokha! Mvula inakata chakumasana, koma mitambo sinachokeretu. Mdima unatenga mphindi pafupifupi zisanu, ndipo iwo anajambula zithunzi 16 mosadziwa ngati chilipo chimene chituluke. Pa zithunzi zonsezo, ziwiri zokha ndi zimene zinaonetsa nyenyezi zokwanira kuyeza. Ataziphatikiza ndi za ku Brazil, zinaonetsa kuti kuwala kumapindikadi. Pa 6 Novembala 1919 analengeza zimenezi ku London, ndipo a Einstein anatchuka padziko lonse. Anthu ambiri anakhudzidwa kuona kuti katswiri wa ku England watsimikizira mfundo ya katswiri wa ku Germany patangotha chaka chimodzi nkhondo itatha.

Kadamsana wotereyu anaonekanso ku Lusaka pa 21 Juni 2001, ndipo ku Malawi dzuwa linatchingika mbali yaikulu. Mukawafunse makolo anu ngati akukumbukira tsikulo.

M'kati mwa nyenyezi muli chiyani?

Ulendo wa ku Príncipe ndi umene unawatchukitsa, koma ntchito yawo yaikulu inali yofufuza za m'kati mwa nyenyezi, imene anaiyamba mu 1916. Kumbukirani kuti dzuwa nalonso ndi nyenyezi, kungoti lili pafupi ndi ife. Palibe angalowe m'kati mwa dzuwa ndi choyezera kutentha. A Eddington analowamo ndi pensulo ndi pepala.

Anaganiza motere. Dzuwa ndi chimpira cha mpweya wotentha, cholemera kuposa dziko lathu maulendo 333,000. Chinthu cholemera chotero chimadzikoka chokha, mbali zonse kulowera pakati. Munaonapo matumba a chimanga atasanjikizana mpaka kudenga? Thumba la pansi ndi limene limasenza anzake onse. Pakati pa dzuwa ndi chimodzimodzi, pamapanikizika koopsa. Ndiye n'chifukwa chiyani dzuwa silifwafwanizika? A Eddington anaonetsa kuti mpweya wotentha wa m'katimo, pamodzi ndi kuwala kumene kukufuna kutuluka, zimakankhira kunja, ndipo mphamvu ziwirizi zimalingana. Kuti zilingane, pakatipo payenera kutentha madigiri mamiliyoni ambiri. Lero tikudziwa kuti pakati pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, pamene kunja kwake ndi pafupifupi 5,500. Madzi a tiyi amawira pa madigiri 100 okha.

Funso linatsala lomwe lija: chimene chimasunga kutentha kumeneko kwa zaka zonsezi n'chiyani?

Yankho la mu 1920

Zinthu zitatu zimene anthu ena anapeza zinawathandiza. Choyamba chinapezeka ku Manchester mu 1911, pamene a Ernest Rutherford anaonetsa kuti atomu iliyonse ili ndi phata laling'ono kwambiri pakati pake, ndipo kulemera kwake pafupifupi konse kuli pa phatapo. Chachiwiri chinali mfundo ina ya a Einstein ya mu 1905, yakuti kulemera kwa chinthu kungasanduke mphamvu, ndipo kulemera kochepa kwambiri kumapereka mphamvu yochuluka zedi. Chachitatu chinachokera kwa a Francis Aston a ku Cambridge, amene anapanga makina oyezera kulemera kwa maatomu. Iwo anayeza atomu yopepuka kuposa onse, ya mpweya wa haidrojeni, ndi yotsatira yake, ya mpweya wa hiliyamu, uja amapopera mabaluni a pa phwando. Anapeza kuti atomu imodzi ya hiliyamu ndi yopepukirapo pang'ono kuposa maatomu anayi a haidrojeni.

Tiyerekeze ndi nsima. Muli ndi mitanda inayi, uliwonse wolemera magalamu 250. Mukaiumba pamodzi kukhala chimtanda chimodzi, sikelo iyenera kuonetsa magalamu 1,000, eti? Tsono tiyerekeze kuti yaonetsa 993, ndipo palibe wanyemako kapena kugwetsa pansi. Magalamu 7 apita kuti? Ndi nsima zimenezi sizichitika, koma ndi maatomu zimachitika.

Mu Ogasiti 1920, pa msonkhano waukulu wa akatswiri a sayansi ku Cardiff, a Eddington analumikiza zinthu zitatuzi. Anafotokoza kuti pakati pa nyenyezi, chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika, maphata anayi a haidrojeni amatha kuphatikizana n'kukhala phata limodzi la hiliyamu, ndipo kulemera kumene kwasowako ndi kumene kumasanduka kutentha ndi kuwala. Galamu imodzi yokha, yolemera ngati njere ziwiri za mtedza, ikasanduka mphamvu imafanana ndi kuwotcha matani pafupifupi 3,000 a malasha. Anawerengetsa kuti ngakhale haidrojeni akanakhala magawo 5 okha pa 100 a nyenyezi, akanakwanira kuiwalitsa kwa zaka mabiliyoni.

Ndiye yankho la funso lathu ndi limeneli. Dzuwa si moto ngati wa pa mbaula. Pa mbaula, maatomu a makala amangogwirana ndi a okosijeni chakunja kwake, maphata awo osasintha, ndipo okosijeni akatha moto umazima. M'dzuwa maphata enieniwo ndi amene amaphatikizana n'kupanga atomu ya mtundu wina. Ntchito imeneyi sifuna okosijeni ngakhale pang'ono. Imafuna haidrojeni, kutentha ndi kupanikizika, ndipo zonse zitatu dzuwa lili nazo lokha. Timati dzuwa likuwotcha, inde, chifukwa ndi mmene timayankhulira, koma m'katimo mulibe lawi, mulibe utsi, mulibe phulusa. Kuwala kwakenso sikufuna mpweya kuti kuyende. Kumadutsa m'malo opanda kanthu n'kufika kuno pa mphindi 8 ndi masekondi 20.

Pa msonkhano womwewo a Eddington anachenjezanso kuti tsiku lina anthu angadzaphunzire kutulutsa mphamvu imeneyi, ndipo angadzaigwiritse ntchito potukula miyoyo yawo kapena podziwononga okha. Patapita zaka 32, mu 1952, dziko la America linaphulitsa bomba loyamba la haidrojeni. Mpaka lero akatswiri akuyesetsa kuti mphamvu yomweyo izipanga magetsi, ndipo mu 2022 boma la kuno linasankha malo a West Burton ku Nottinghamshire kuti adzamangepo makina oyesera zimenezi.

Amene anakayika ndi amene anamaliza ntchito

Si onse anavomereza. Ena anawerengetsa n'kunena kuti pakati pa dzuwa sipatentha mokwanira, chifukwa maphata a haidrojeni amakankhana mwamphamvu akayandikana. A Eddington analibe yankho la masamu pa zimenezo. Chimene anali nacho ndi chakuti hiliyamu alipo ndithu ndipo anapangidwa kwinakwake, choncho anawauza otsutsawo kuti akafune okha malo otentha kuposa pakati pa nyenyezi. Mu 1926 anasindikiza buku lawo lalikulu lotchedwa The Internal Constitution of the Stars, limene ophunzira za nyenyezi anagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri.

Paja amati mutu umodzi susenza denga. Mu 1919 mtsikana wina wophunzira ku Cambridge, Cecilia Payne, anamva a Eddington akufotokoza za ulendo wa ku Príncipe, ndipo anatsimikiza mtima kuphunzira za nyenyezi. A Eddington anamulimbikitsa. Koma nthawi imeneyo Cambridge sinkapereka madigiri kwa akazi, choncho mu 1923 anapita ku Harvard ku America. Mu 1925 anaonetsa kuti nyenyezi zinapangidwa makamaka ndi haidrojeni ndi hiliyamu. Akuluakulu anayamba akayika, koma patapita zaka zochepa anavomera. Dzuwa tikaligawa magawo anayi potengera kulemera, pafupifupi atatu ndi haidrojeni, ndipo lotsalalo pafupifupi lonse ndi hiliyamu. Okosijeni alimo wochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi pa 100, ndipo si amene amaliwalitsa.

Mu 1928 a George Gamow anapeza njira imene tizidutswa ta atomu timadutsira chotchinga chimene chikuoneka chosadutsika, ndipo zimenezi zinayankha otsutsa aja. Amene anamaliza masamu onse ndi a Hans Bethe. Iwowa anathawa ku Germany mu 1933 chifukwa mayi awo anali ochokera m'banja la Chiyuda, ndipo malo oyamba kuwalandira anali yunivesite ya Manchester. Kenako anapita ku America, ndipo mu 1939 analemba mwatsatanetsatane mmene haidrojeni amasandukira hiliyamu m'nyenyezi. A Eddington anali akadali moyo. Anadikira zaka 19 kuti aone mfundo yawo itatsimikizika.

Lero tikudziwa kuti pa sekondi iliyonse dzuwa limasandutsa matani pafupifupi 600 miliyoni a haidrojeni kukhala hiliyamu, ndipo matani 4 miliyoni amasanduka mphamvu. Lakhala likutero kwa zaka 4.6 biliyoni, ndipo lili ndi haidrojeni wokwanira zaka zina pafupifupi 5 biliyoni, ndiye musade nkhawa kuti lizima mawa. Mphamvu imeneyi ndi imene imakulitsa chimanga ndi mitengo, imaumitsa usipa pa thandala, komanso imayatsa magetsi a sola ku Salima ndi pa madenga a nyumba zambiri kumudzi. Ngakhale nkhuni zikamayaka, zimatulutsa mphamvu imene mtengo unalandira kudzuwa uli moyo.

Pamene anapsereza

Mbiri ya munthu siikhala ya zabwino zokhazokha. Mu 1930 mnyamata wina wa zaka 19 wochokera ku India, Subrahmanyan Chandrasekhar, anafika ku Cambridge kudzaphunzira. Iye anawerengetsa kuti nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha mphamvu yake singathe kudzigwira, imangofinyikirabe. A Eddington ankamuchezera n'kumaona ntchito yake. Koma mu Januwale 1935, pa msonkhano wa akatswiri ku London, mnyamatayo atangomaliza kuyankhula, iwo anaimirira n'kuinyoza mfundoyo pamaso pa anthu onse, anthu n'kumaseka. Popeza a Eddington anali munthu wolemekezeka, palibe anaimirira kumuikira kumbuyo mlendoyo, ngakhale ena amene mumtima ankadziwa kuti masamu ake ndi olondola.

Chandrasekhar zinamupweteka kwambiri. Anasamukira ku Chicago, koma sanasiye ntchito, ndipo sanadane nawo a Eddington. Pamapeto pake zinadziwika kuti wolondola anali mnyamatayo, ndipo mu 1983 analandira mphoto ya Nobel. Taonani, munthu yemwe uja anakanidwa ndi akuluakulu mu 1920 anadzakananso wamng'ono mu 1935. Inu amene nthawi zina mumakhala nokha akhungu lakuda m'kalasi, muzikumbukira Chandrasekhar. Aphunzitsi muziwalemekeza, koma ngati mwawerengetsa bwino, onetsani ntchito yanu mwaulemu ndipo musaifufute chifukwa cha mantha.

Masiku awo omaliza

A Eddington analembanso mabuku osavuta ofotokozera anthu wamba za nyenyezi ndi maatomu, ndipo anagulidwa kwambiri. Mu 1930 mfumu ya Britain inawapatsa ulemu woti azitchedwa Sir Arthur Eddington. Anakhalabe wa mpingo wa Quaker moyo wawo wonse, ndipo sankaona kuti sayansi ikulimbana ndi chikhulupiriro chawo. Njinga sanaisiye. Ankalemba m'kabuku maulendo awo. Anamwalira ku Cambridge pa 22 Novembala 1944 atachitidwa opaleshoni, ali ndi zaka 61. Lero ku Cambridge kuli dera latsopano la nyumba lotchedwa Eddington, ndipo pamwezi pali chigwa china chimene chinapatsidwa dzina lawo.

Mawu oti muwadziwe

Kadamsana: nthawi imene mwezi watchinga dzuwa, kapena dziko latchinga mwezi.
Mlengalenga: kumwamba kumene kuli dzuwa, mwezi ndi nyenyezi.
Mafuwa: miyala itatu imene amatereka poto pophika ndi nkhuni.
Malasha: makala a pansi pa nthaka, ngati amene amakumba ku Mchenga m'boma la Rumphi.
Phata: pakati penipeni pa chinthu, pamene pagona mphamvu yake.
Kupanikizika: kufinyidwa mbali zonse ndi chinthu cholemera.
Ntchito yakalavulagaga: ntchito yowawa, yotopetsa kwambiri.

Yankhani mafunso awa m'Chichewa, m'ziganizo zathunthu

1. Kodi a Eddington anabadwira kuti, ndipo m'chaka chanji?
2. Chinachitika n'chiyani m'banja mwawo mu 1884?
3. N'chifukwa chiyani anakana kupita kunkhondo?
4. Anapita kukatani ku chilumba cha Príncipe?
5. Fotokozani kusiyana kwa moto wa pa mbaula ndi kuwala kwa dzuwa.
6. Tchulani anthu awiri amene anathandiza kumaliza ntchito ya a Eddington, ndipo nenani chimene aliyense anapeza.
7. Mukanakhala pa msonkhano wa mu 1935 uja, mukanatani? Lembani ziganizo zitatu.

Ntchito ya kunyumba

Pemphani munthu wamkulu akuyatsireni kandulo yaifupi pa mbale. Vundikirani kanduloyo ndi tambula ya galasi, ndipo werengani m'Chichewa mpaka izime. Bwerezaninso ndi botolo lalikulu la kukamwa kotakata. Lembani kuti yazima msanga ndi iti, ndiponso chifukwa chake. Musachite zimenezi muli nokha, ndipo dzuwa musamaliyang'ane ndi maso ngakhale pa kadamsana, chifukwa limawononga maso osamva kuwawa. Pomaliza, imbirani agogo kapena azakhali kumudzi muwafunse zimene anthu akale ankanena ndi kuchita kukachitika kadamsana. Mudzatiuze Loweruka likubwerali.